Mbale ya Nyama Imene Ndinabweza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakamwa panga panalibe chitseko. Chilichonse chimene ndamva m'nyumba ndinkachitulutsa panja chili chomwecho, osachisenda n'komwe. Aphunzitsi ankandiyamikira kuti ndine mwana wosunga zinthu m'mutu, ine n'kumadzimva kuti ndine dolo. Sindinkadziwa kuti mutu womwewo udzatsala pang'ono kutisamutsa pamalo pamene ndinapakonda kuposa pena paliponse.

Bambo anga, a Makwinja, anali mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ine kumeneko ndinkangokuona pa tchuthi. Ntchito ya bambo inkatiyendetsa ngati katundu wa pa lole. Pofika Sitandade 5 ndinali nditaphunzira kale pa sukulu zinayi, ndipo ndinali nditazolowera kuti ukangoyamba kudziwa mayina a anzako, mayi amayamba kumanga mapoto m'matumba. Chaka chimenecho anawatumiza kukakhala mphunzitsi wamkulu pa kasukulu kena kufupi ndi Kachebere, kuno ku Mchinji. Tinafika nthawi yozizira, anthu ali kalikiliki kukumba mtedza. Kuseri kwa nyumba yathu kunkaoneka phiri, ndipo mphepo ikaomba bwino tinkamva malole akulira pa msewu wopita ku boda.

Sabata yoyamba isanathe ndinapeza mnzanga. Dzina lake anali Dorika, ndipo kwawo kunali kungodumpha kamsewu kuchokera pa nyumba ya aphunzitsi. Iye ndiye anandiphunzitsa kuthothola mtedza osathyola zikhadabo, ndipo ankandiseka chifukwa cha kayankhulidwe kanga ka kummwera. Tinkasewera phada mpaka maondo kuyera ndi fumbi. Tsiku lina ndinawauza bambo kuti, "Kuno kokha tisachokeko." Iwo anangoseka n'kundisisita m'mutu.

Bambo ake a Dorika anali a Tembo, munthu wamfupi, wosayankhulayankhula, wa zipsera za moto m'manja monse. Ntchito yawo inali yowotcha nyama masiku a msika, ndipo madalaivala a malole ankachita kuimika galimoto kuti adye kanyenya wawo. Mayi ake anali aNajere, mayi wamtali amene kuseka kwake unkakumva uli ku mjigo. M'mudzimo munali chizolowezi chimene ife obwera sitinkachidziwa. Munthu akapha mbuzi, nyama yoyamba kupsa pa makala sinkadyedwa pakhomopo. Inkayamba yapita kwa anansi, ndipo ngati panali mlendo pafupi, chiwindi chinali chake.

Mayi anga anali munthu wabwino, koma wamantha. Kumene tinkakhala kale, mlongo wanga wamng'ono anadwala m'mimba mpaka kugonekedwa m'chipatala, atangodya kumene pakhomo pena. A chipatala anati ndi madzi oipa, koma mayi mumtima mwawo anagamula mlandu wina. Kuyambira pamenepo ankatikhazika pansi tikangofika malo atsopano. "Musamadye za anthu a kuno," ankatero motsitsa mawu. "Sitikuwadziwa. Angakuthirireni mankhwala." Ine mawuwo ndinawasunga monga mmene ndinkasungira matebulo a masamu.

Loweruka lina masana ndinatsala ndekha pakhomo. Bambo anali ku boma ku msonkhano, mayi atapita kuchigayo ndi mlongo wanga. Kuyambira m'mawa kunkabwera fungo la nyama kuchokera kwa a Tembo, chifukwa anali atamaliza kukolola ndipo anapha mbuzi. Ndinamva odi. Nditatuluka ndinapeza aNajere atakhala pakhonde, Dorika ali pambali pawo. Sanatume mwana monga ankachitira ndi makomo ena. Kwa alendo anabwera okha. Anavundukula mbale. Munali chiwindi chodulidwa bwinobwino ndi nthiti zinayi, mafuta akuwira pamwamba. Malovu anadzaza m'kamwa mwanga. Koma ndinkafuna kukhala mwana womvera, ndipo ndinkafunanso kuti aone kuti ndine mwana womvera.

"Zikomo amayi, koma sitingalandire," ndinatero nditagwada mwaulemu wonse. "Mayi anati tisamadye za anthu a kuno. Akuti sitikukudziwani, mungatithirire mankhwala."

ANajere sanasinthe nkhope. Anatenga mbale yovundikira ija n'kuibwezera pamwamba pang'onopang'ono, kenako anakonza nsalu yawo.

"Atero amako?"

"Eya, atero."

"Chabwino, mwanawe. Wachita bwino wosabisa."

Ananyamuka. Dorika anacheuka kamodzi kokha asanadumphe kamsewu kaja. Ine ndinalowa m'nyumba ndikudziyamikira. Koma pamene mayi ankafika ndi ufa pamutu, china chake chinali chitayamba kundiluma mumtima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Mawu aja anayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Kumudzi, kunena kuti munthu angakuthirire mankhwala ndiye kuti wamutchula mfiti, ndipo ine ndinali nditatchula mudzi wathunthu, ndili chogwada. Palibe amene anabwera kudzatikalipira, ndipo bola akanatero. Moni ankatipatsa, koma wouma. Mayi akafika pa mjigo, nkhani zinkatha, azimayi n'kuwapatsa mpata kuti atunge msanga azipita. Amene ankatigulitsa mazira anati nkhuku zasiya kuikira. Ku tchalitchi benchi yathu inkakhala ndi malo okwana anthu atatu, ena ataimirira kumbuyo. Dorika anasamuka pa desiki yathu. Ndikamuyandikira pa nthawi yopuma ankangoti, "Amayi andiletsa," maso ali pansi. Zimenezo zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinkalira kuseri kwa chimbudzi cha sukulu kuti wina asandione.

Amene anavutika kwambiri anali bambo. Makalasi awiri pa sukulupo ankaphunzira pansi pa mtengo, ndipo bambo atangofika anagwirizana ndi makolo kuti aumbe njerwa mvula isanagwe. Tsiku loyamba kunabwera anthu ochuluka moti zikombole zinachepa. Itachitika nkhani ya mbale ija, kunkabwera madala awiri kapena atatu, nawonso n'kumadandaula msana. Bambo anaitanitsa msonkhano, kunabwera mipando yokha. Ankabwera kunyumba matope ali m'miyendo, ataumba okha njerwa zochepa ndi manja awo a choko.

"Amake Edina, kodi anthuwa ndinawalakwira chiyani?" ankafunsa pa chakudya. Mayi ankapukusa mutu. Ine ndinkangoyang'ana m'mbale mwanga.

Panatha milungu isanu. Tsiku lina ndikusesa pabalaza ndinapeza kalata pansi pa Baibulo la bambo. Ine ndi kuwerenga za eni tinali pa ubale, choncho ndinaitsegula. Inali yopita ku ofesi ya maphunziro ku boma. Bambo ankapempha kuti awasamutse, ati alephera kugwira ntchito ndi makolo a dera lino ndipo sakufuna kuti ana avutike chifukwa cha iwo. Ndinaona matumba a mapoto aja m'maso mwanga. Ndinaona lole, sukulu yachisanu ndi chimodzi, ndi Dorika akukula osadziwa kuti ndinkamusowa. Ndinaima pomwepo ndi tsache m'manja mpaka bambo analowa, ndipo ndinaulula zonse, mawu ndi mawu, chifukwa ndinali ndisanaiwale ngakhale limodzi.

Ndinkayembekeza ndodo. Bambo anangovula magalasi n'kukhala pansi. Mayi, amene anamva zonse ali pakhomo la kukhitchini, anagwira kumutu.

"Edina, ndinanenera m'nyumba ine. M'nyumba."

"Mwanayu mawuwa sanabe, amake Edina," anatero bambo mofatsa. "Anawatola m'nyumba mommuno."

Mayi anakhala pa mpando, ndipo ndinaona kuti manyazi awagwira kuposa mkwiyo.

M'mawa mwake tinapita tonse atatu kukapepesa. ANajere anatiyalira mphasa bwinobwino. Bambo anayankhula mawu abwino, a munthu wophunzira. Mayi anafotokoza za matenda a mlongo wanga mpaka misozi. Ine ndinagwada n'kunena kuti ndinalakwa. ANajere anamvetsera zonse, kenako anati, "Palibe mlandu, aphunzitsi. N'za ana izi." A Tembo anali poteropo akunola mpeni pa mwala, ndipo sanadzutse mutu. Tinakhala pamphasapo pafupifupi ola lathunthu, lichero la mtedza wokazinga lili pakhonde, koma palibe amene anatipatsa ngakhale madzi akumwa. Pobwerera mayi anati, "Sizinathe."

Bambo anaganiza masiku awiri. Kenako anati, "Tinakana nyama, tibweze ndi nyama. Ndipha mbuzi Loweruka, tiitane mudzi wonse pa bwalo la sukulu. Zikakanika, kalata ija ndikukapereka Lolemba." Anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo sabata yonseyo ndinkaona kansonga kake koyera katatulukira.

Loweruka linafika dzuwa likuwala bwino. Anthu anabweradi, chifukwa kukana kuitana kwa mphunzitsi wamkulu kukanakhala mwano, ndipo anthu a kuno mwano sauonetsera poyera. Koma anakhala kutali, m'mphepete mwa bwalo, azibambo pansi pa mtengo wa mango, azimayi ndi ana mumthunzi wa kalasi. Pakati pa bwalo panali ife ndi moto wathu.

Ndiyenera kunena zoona za malemu bambo anga: ankadziwa kugawa nambala zazitali pa bolodi, koma nyama sankaidziwa. Mbuzi anaisenda mothandizidwa ndi mphunzitsi mnzawo, n'kuidula zibuma zikuluzikulu. Anasonkha chimoto cha nkhuni zosauma bwino, n'kuyala waya wa bedi lakale pamwamba pa malawi. Utsi unali tolo. Nyama inkada kunja ngati tsinde lopserera, m'kati muli magazi. Bambo ankaitembenuza ndi ndodo, maso ali ofiira, tayi ali pakhosi.

Ine ndi mayi tinayamba kuzungulira ndi mbale. Tinayambira kwa azibambo. Ndinagwada pamaso pa mkulu wa komiti ya sukulu.

"Zikomo mwanawe, tadya kale."

Wachiwiri anati wangodya kumene. Wachitatu anati mano akumuvuta. Kwa azimayi zinali chimodzimodzi. Mudzi wonse unali utadya kale, pamene dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu. Ana ankaiyang'ana nyamayo mpaka kukhosi kumayenda, koma amayi awo anali atawagwira pamkono. Nditafika pa aNajere, anandiyang'ana m'maso, osati mwaukali, n'kunena kuti, "Pitirira, mwanawe."

Ndinabwerera pakati pa bwalo ndi mbale yodzaza. Ndi pamene ndinadziwa mmene ulendo wa aNajere unatalikira tsiku lija, kuchokera pakhonde pathu kukafika kwawo, ngakhale kunali kungodumpha kamsewu. Mayi anaika mbale yawo pansi n'kukhala pa njerwa. Bambo anagwira thumba la malaya lija.

Chimene chinatipulumutsa poyamba chinali kusadziwa kwa bambo. Iwo anaponya mwendo wathunthu wa mbuzi pa waya, mafuta anadonthera pamoto, ndipo malawi anakwera mpaka mwendo wonse unayaka. Bambo anayamba kuupupiza ndi rejisitala yakale, moto n'kumakulirakulira. Nthawi yonseyi ine ndinkaona a Tembo pansi pa mango paja. Ankasinthasintha kakhalidwe. Ankayang'ana kumbali, kenako n'kuyang'ananso pamoto. Ankakanda m'mutu. Munthu amene wawotcha nyama moyo wake wonse akhoza kupirira mwano, koma kuonerera mwendo wa mbuzi ukusanduka khala kunawakanika. Anadzuka n'kudutsa bwalo lonse anthu akuwayang'ana.

"Yayi, aphunzitsi, yayi," anatero. "Mbuziyi yafa kale kamodzi. Musaiphenso kachiwiri."

Wina anaseka pansi pa mango, n'kudziletsa msanga. Bambo anapatuka mosanyinyirika. A Tembo anachotsa waya ndi manja awo a zipsera aja, anaphwasula chimoto chija, nkhuni zofuka n'kuziponya kutali. Anadikira. Sanafulumire ngakhale pang'ono, mpaka makala anachita phulusa loyera pamwamba. Kenako anatulutsa mpeni wawo, anapala zopserera zonse, n'kuyamba kuilenga nyamayo mopyapyala. Atasuzumira m'beseni anapeza chiwindi chili chigonere, bambo atachisiya chifukwa sankadziwa kuti achitani nacho. Anapukusa mutu, n'kuchiyala pa waya choyamba. Fungo linasintha nthawi yomweyo. Utsi wowawa uja unatha, ndipo pabwalo panamveka kafungo kamene kankaimitsa malole.

Chiwindi chitatsala pang'ono kupsa, dzanja la a Tembo linalowa lokha m'thumba la buluku, monga linkachitira tsiku lililonse la msika. Linatuluka ndi kabotolo kofiirira, kamene kale munali mankhwala a chifuwa. Anatsegula, n'kuwaza kaufa kofiira pa chiwindi chonse. Ali pakati powaza, anaima. Dzanja linatsala m'malere. Anakumbukira pamene ali, ndi amene akuwawotchera.

Aliyense anaona kabotoloko, ndipo aliyense ankadziwa zimene mwana wa aphunzitsi ananena. Mayi anga anali atadzuka pa njerwa paja, maso ali pa botolo. A Tembo anatseka kabotolo kawo mwakachetechete, n'kukankhira chiwindicho kumphepete kwa waya.

"Ichi ndathira zanga," anatero osayang'ana munthu. "Ndidya ndekha. Zinazi muthire mchere wanu."

Sindinganame kuti ndinaganiza mozama. Ndinali mwana. Ndinangoona kuti bamboyu akubweza yekha mbale yake tisanaikane, ndipo ndinadziwa kuti chiwindicho chikapita m'kamwa mwawo, Lolemba kalata ipita ku boma. Ndinaika pansi mbale ya nyama yopserera ija, ndinayenda mpaka pamoto, n'kugwada pa dothi lotentha. Ndinatambasula manja onse awiri.

"Bambo, ndigawireniko."

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chichitikireni nkhani ija.

"Ukudziwa zili m'botolomu?"

"Ayi, sindikudziwa."

"Nanga tsono?"

"Ndikudziwa inuyo. Ndinu bambo ake a Dorika."

A Tembo anabaya chidutswa ndi nsonga ya mpeni, anachiuzira kawiri, n'kuchiika m'manja mwanga. Ndinachiponya m'kamwa chonse.

M'kabotolomo munali mchere wosinja pamodzi ndi tsabola wa kambuzi wouma, muyezo wa madalaivala. Ine kwathu tsabola sitinkadya. Lilime linayaka, makutu analira, misozi inatsika yokha. Ndinayamba kutsokomola nditagwira pakhosi. Ndinamva mayi akukuwa dzina langa, ndipo kudzera m'misozi ndinaona anthu akudzuka pansi pa mango. Nkhope ya a Tembo inachita mantha enieni. Pamenepo ndinazindikira mmene zikuonekera: mwana wa aphunzitsi wadya za m'botolo la a Tembo, ndipo tsopano akutsamwa pamaso pa mudzi wonse. Ndikanalavula, sindikudziwa ngati ife kapena a Tembo akanatsala m'mudzimo.

Ndinatseka milomo ndi dzanja. Ndinatafuna. Ndinameza. Ndinapukuta mphuno ndi mkono wa diresi, mwaulemu wochepa kwambiri, n'kutambasulanso manja.

"Ndionjezereni. Koma chaching'ono."

Woyamba kuseka anali aNajere, kuseka kuja komveka ku mjigo, kumene ndinali ndisanakumve kwa milungu isanu ndi umodzi. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Azibambo anatsatira. Koma mayi anga sanaseke. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pamene panali bambo, anafika pambali panga, ndipo anagwada pa dothi lomwelo ndi chitenje chawo chatsopano. Ndinkamva mpweya wawo ukutuluka mwamphamvu. Ndikudziwa kuti mantha aja anali asanawathere, chifukwa mantha a mayi amene anagonapo m'chipatala ndi mwana satha tsiku limodzi. Anatambasula manja.

"A Tembo, inenso. Muthirenso za m'botolozo."

A Tembo anatsegula kabotolo, anawaza, n'kuwapatsa. Mayi anadya, misozi ikutsika, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ya tsabola inali iti. Kenako anaitana mlongo wanga, mwana yemwe uja anadwala, n'kumudyetsa ndi dzanja lawo kachidutswa kochokera pa mpeni wa a Tembo. Apo m'pamene nthungululu inamveka kuchokera mumthunzi wa kalasi.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati phokoso limodzi lokoma. Anthu amene anali atadya kale aja njala inawagwira onse nthawi imodzi. Dala wa mano ovuta uja ndinamuona akulimbana ndi nthiti. Azibambo anasendeza mipando kuzungulira moto, aliyense akulangiza a Tembo za ntchito imene a Tembo ankaidziwa kuposa onsewo. Azimayi anabalalika kupita m'makomo, ndipo ndinada nkhawa kuti akuthawa, koma anabwerera atasenza. Wina anabwera ndi ndowa ya thobwa, wina mbatata zoti tikwirire m'phulusa, wina chinangwa, wina chigumu. ANajere anabwera ndi lichero la mtedza lomwe lija tinaliona pakhonde, n'kuliika pamiyendo pa mayi anga. Mbuzi imodzi siikwanira mudzi, aliyense anangolawa tizidutswa tiwiri kapena titatu, koma palibe amene anachoka ndi njala.

Dorika anabwera kudzakhala pambali panga ngati sipanachitike kanthu. Anandipatsa chikho cha thobwa kuti ndizimitse moto wa m'kamwa.

"Iwe ndiwe wopusa," anatero. "Ife amene timangonyambita pang'ono."

Dzuwa litapendeka, mkulu wa komiti uja anayankhula nyama ili m'kamwa, osaimirira n'komwe. "Aphunzitsi, zikombole zija zili kuti? Lachiwiri tikhala pano m'mamawa. Mvula siidikira munthu." Bambo anavomera ndi mutu. Pamapeto aNajere anakumbutsa kuti pali mayi wina wodwala mwendo amene sanathe kubwera, ndipo a Tembo anamusungira nthuli zingapo. Anafunafuna chokulungira. Bambo anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kalata ija, anaitambasula, n'kuipereka. A Tembo anakulungiramo nyamayo osadziwa kuti ndi chiyani. Ine ndinaona mafuta akulowerera m'zilembo zokongola za bambo mpaka dzina la ofesi linafufutika, ndipo ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinakhoza mayeso a Sitandade 8.

Mbale za tsiku limenelo zinasokonekera moti zinatenga sabata kuti zibwerere kwa eni ake, ndipo palibe imene inabwerera yopanda kanthu. Njerwa zinaumbidwa. Tsiku lomaliza kuwotcha uvuni, makolo anasonkherana mbuzi ziwiri, ndipo a Tembo anawotchera pa makala a uvuniwo. Bambo anga anthu anawaletsa kuyandikira waya. Ntchito yawo inali yogawa mchere. Makalasi awiri aja alipo mpaka pano. Ifeyo sitinasamukenso. Bambo anapumira ntchito pa sukulu yomweyo, anthu anawapatsa malo, ndipo pamene anamwalira, amene anakumba manda awo anali ana a anthu omwe aja anati adya kale.

Lero ndine namwino kuno ku boma, ndipo ndikudziwa bwino za madzi oipa ndi matenda a m'mimba. Ana anga ndimawaphunzitsa kusamba m'manja ndi kusamala zimene akudya. Koma ndimasamalanso mawu amene ndimanenera m'nyumba, chifukwa ndikudziwa kuti mwana amawanyamula osawasenda. Ndikaganiza za tsiku lija ndimaona kuti bambo, ndi mtima wawo wonse wabwino, anaphonya pang'ono. Ankaganiza kuti tikonza zinthu popatsa. Koma kupatsa n'kosavuta, wopatsa amakhala ataimirira. Anthu aja sankasowa mbuzi yathu. Ankafuna kuona ngati ife tingagwade n'kudya kuchokera m'manja mwawo, tisakudziwa zimene zili m'botolo.

Dorika anakwatiwa m'dera la mfumu Zulu, ndipo amachita geni yodutsa nayo pa boda. Kabotolo ka bambo ake anakatenga ndi iye, muyezo wa tsabola osasintha. Akapha mbuzi amatuma mwana wake wamkazi pa kabaza ndi kambale kokulunga m'nsalu. Mwanayo akafika, sindimulola kuti angosiya mbale n'kubwerera. Ndimamuimika pakhomo, ndimavundukula, n'kudya chidutswa chimodzi iye akuona, ngakhale nditavala yunifolomu, ngakhale nditakhuta. Tsabola uja amandilizabe mpaka lero. Ndikameza ndimapukuta misozi n'kumuuza kuti, "Ukawauze amako kuti ndadya."